Lamya ya Nachisale ndi Nkhope ya Mkamwini

Panali mayi wina ku Mchinji, chakufupi ndi boma, dzina lake Nachisale. Mukadzamva wina akuikamba nkhaniyi, dziwani kuti anachita kuba kwa ine. Ndinaiona ndekha, ndipo maso angawa amaona nsabwe ikuyenda pamutu pa munthu ali kutsidya kwa Bua.

Mayiyu anali ndi lamya m'nyumba, ija ya waya, yakuda bii, yolemera ngati mwana wa ng'ombe. Anaisiya ndi malemu amuna ake, amene anali kalaliki pa boma. Lamya imeneyo ikati ilire, nkhuku zinkasiya mazira, ndipo anthu a ku Chipata ankathamangira m'nyumba zawo kukayankha.

Ana a Nachisale anali awiri. Wamkulu anali Yotamu, amene anakulira kusukulu zogonera komweko n'kukapeza ntchito ku Lilongwe. Wamng'ono anali Enelesi. Enelesi anakwatiwa ndi Lufeyo, mnyamata wa ku Ntchisi, ndipo Lufeyo anabwera kudzakhala chikamwini, namanga kanyumba kake kuseri kwa nyumba yaikulu.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa ana a lero zinawadutsa. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana nkhope. Akakumana panjira, wina amalowa patchire. Akafuna kuuzana mawu, amauzana pali mpanda pakati, kapena amatuma munthu. Sikudana ayi. Umenewo ndiwo ulemu wake. Mabanja ena amathetsa manyaziwa zaka zikapita, koma awa sanafike pamenepo. Zaka zisanu anakhala pakhomo limodzi, Nachisale akumudziwa mkamwini wake ndi zidendene, chifuwa chake cham'mawa, ndi kumsana kwa malaya. Tsiku lina anakumana pakati pa mlatho wopapatiza. Lufeyo sanaganize kawiri. Anadumphira mumtsinje, njinga ili pamutu, natulukira kumunsi mtunda wa maola awiri, njingayo osanyowa ngakhale belu.

Kenaka Enelesi anadwala, namwalira. Anasiya mwana wamkazi wa zaka zitatu, dzina lake Tinyade.

Maliro atatha, akumbumba anamusudzula Lufeyo monga mwa mwambo. Anamuuza kuti wamasuka, akhoza kupita kwawo kapena kukakwatira kwina. Mwana ndi wa mbumba, amatsala kuchikazi. Amuna ambiri akasudzulidwa amangopita, ndipo mwana amakula akudziwa bambo ake ngati dzina chabe. Lufeyo anamanga katundu kuti apite ku Joni kukawotcherera zitsulo. M'mawa wonyamukawo anaima kunja kwa mpanda wa udzu, nati, "Amayi, ndapita."

Nachisale anali mkati mwa mpandawo, akupeta mphale. Sanasiye kupeta. Anangoti, "Nambala ya lamya mukuidziwa."

Lamlungu lachitatu, dzuwa litangopendeka, lamya inalira. Nachisale ananyamula.

"Halo?"

"Ndine, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya inu bambo a Tinyade?"

Apa ndi pamene panachitika chodabwitsa. Anthu awiri amene sanauzanepo mawu okwana khumi anayamba kucheza. Lamya ilibe maso. Munthu ukhoza kuyankhula nayo mutu uli wosamanga, miyendo ili pampando, ndipo palibe mwambo umene waswa. Nachisale anapeza kuti mkamwini wake ndi munthu wanthabwala. Lufeyo anapeza kuti apongozi ake akayamba nkhani sapuma mpaka ataikwirira.

Lamlungu lililonse, nthawi yomweyo, lamya inkalira. Nachisale ankapereka malonje a mwana kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Wadya chiyani, wamenyana ndi ndani, watsokomola kangati, wanyambita shuga wochuluka bwanji n'kunamizira nyerere. Kenaka ankamupatsa Tinyade kuti amve mawu a bambo ake. Mwana mumamudziwa, amangoti "eee" ndi "ayi" n'kuthawira kosewera. Zonse zimene Lufeyo ankadziwa za mwana wake zinkadutsira pakamwa pa Nachisale. Nthawi zina nkhani zinkatha, awiriwo n'kungokhala chete, aliyense atagwira lamya kukhutu. Onse ankadziwa amene akumukumbukira. Dzina lake sankalitchula.

Zinayenda chotero zaka zinayi.

Koma wayayo anali atakalamba. Mvula ikagwa, mawu ankabwera ngati munthu akukazinga chimanga m'khutu mwako. Mphepo ikawomba, lamya inkangoti zii sabata yonse. Ndiye panali akuba. Tsiku lina anadula waya Lufeyo ali pakati pa chiganizo, nathawa naye. Wakubayo atafika kwawo n'kumasula mtolo, wayayo anali akufunsabe kuti, "Nanga mwana akudya?" Munthuyo mpaka lero akaona waya amathawa. Ndimamudziwa, koma sindimutchula.

Kuba komaliza kunachitika mvula itangoyamba. Anatenga waya yense, kuyambira pamsewu mpaka pakhoma. Akampani ya lamya anatumiza kalata yoti pakhomo lililonse lisankhe. Wofuna waya adikire mpaka mvula ithe, mitengo ya waya idzazikidwenso. Wofuna kuyimba kudzera pa intaneti asaine pepala mwezi usanathe, waya asadzabwerenso.

Yotamu atamva, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi zinthu ziwiri. China chinali kabokosi koyera ka timagetsi tophethira. China chinali chophwatalala ngati thabwa lodulira anyezi, kumaso kwake kuli galasi.

"Amayi, izi ndiye za masiku ano," anatero. "Palibe waya woti munthu abe. Mawu amangoyenda mumphepo."

"Mphepoyo ikatembenuka, mawu anga akagwera kwa ndani?"

"Akafika kwa alamu basi. Yesani kaye Lamlungu lino. Mukakana, tidikira waya wanuyo."

Yotamu anali mwana wabwino, musamuweruze. Ankafuna kuwasangalatsa amayi ake ndi chinthu chimene sanachiyembekezere. Mwambo uja ankaudziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti ku Karonga kuli mpunga, osaudya. Anamuimbira mlamu wake mwamseri, namuuza kuti Lamlungu ayimbe pa chatsopanocho. Sanauze aliyense wa awiriwo kuti chinthucho chimaonetsa nkhope.

Lamlungu linafika. Kunkatentha, ndipo Nachisale anali atavula mpango, imvi zili poyera. Yotamu anamuika thabwalo m'manja. Linalira kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mbalame. Yotamu analikhudza ndi chala.

Balamanthu! Nkhope ya Lufeyo. Yonse. Maso, mphuno, ndevu, ndi chipsera cha pachipumi chimene Nachisale sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Ndipo masowo anali kumuyang'ana iyeyo.

Zimene zinachitika apa ndinazionera patali, koma fumbi lake linandipeza. Nachisale anaponya thabwalo pampando, natuluka m'nyumba chitseko chisanamalize kutseguka. Anadumpha nkhokwe. Anadumpha khola la mbuzi, mbuzi n'kuyang'ana kumwamba. Anakaimira m'munda wa chinangwa, atadzifunda chitenje kumutu, mtima ukugunda ngati mtondo wa anthu atatu. Kwinaku ku Joni, Lufeyo anali atadziphimba kumaso ndi chipewa chake chowotcherera zitsulo, akukuwa kuti, "Pepani amayi! Sindinaone kanthu! Alamu, mwandichita chiyani?"

Yotamu anayamba ndi kuseka. Ataona kuti dzuwa lapendekeratu amayi ake osabwera, kuseka kunatha. Anakawapeza m'chinangwa muja.

"Amayi, chinthucho chili ndi diso, koma limatsekeka. Mungodina pamodzi, nkhope imachoka, n'kutsala mawu okha ngati kale."

"Azidina ndani?"

"Inuyo, kapena ine."

"Nanga chala chikaterereka?"

"Sichingaterereke."

"Iwe Yotamu, chinthu chokhala ndi diso usachikhulupirire. Ng'ona nayo imatsinzina."

Madzulo ake Nachisale anatenga thabwalo ndi nsalu, osalikhudza ndi dzanja. Analikulunga m'bulangete, naliika pansi penipeni pa bokosi la zovala, natseka ndi loko. "Ndidikira waya wanga," anatero. Yotamu anabwerera ku Lilongwe mutu uli pansi. Kabokosi koyera anakasiya pakhoma, kakuphethirabe.

Lamlungu lotsatira, dzuwa litapendeka, m'bokosi la zovala munamveka kulira. Nachisale anali pakhonde akusenda nyemba. Manja ake anaima. Kulirako kunatha, kunayambanso, kunathanso. Anasenda nyemba yomweyo katatu.

Lamlungu linalo kunaliranso, koma mofooka, ngati mbuzi imene yagona ndi njala. Tinyade, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anakagwada pabokosipo naika khutu.

"Agogo, ababa akulira m'bokosi. Sitiwatsegulira?"

"Pita ukasewere."

"Adzabanika, agogo."

Nachisale analowa m'nyumba, nanyamula lamya yakuda ija, naiika kukhutu. Munali zii. Anaigwira choncho nthawi yaitali, akuiuza mumtima zonse za sabatayo. Dzino la mwana lachoka. Aphunzitsi amuyamikira pa masamu. Wayamba kuyenda akugwedeza phewa lamanzere ngati mayi ake. Nkhani zinali zitadzaza pakhosi, kopita nazo kulibe.

Lamlungu lachitatu m'bokosi simunalire kanthu. Thabwalo linali litatha moto.

Loweruka lotsatira Yotamu anatulukira osalengeza. Sanapemphe madzi. Anakhala pansi pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Amayi, alamu anandiimbira."

"Ali bwanji?"

"Andituma mawu. Akuti: ndinawalakwira amayi, ndinawaona nkhope. Ndayimba katatu, sanandiyankhe, ndipo ndamva. Munandisudzula kalekale, ine ndimangokakamira pakhomo la eni. Mawa ndiyimba komaliza kuti nditsanzike mwana, kenaka sindidzavutanso."



"Ndawauza kuti si choncho," anapitiriza Yotamu. "Akuti alamu, inu ndinu munthu wabwino, koma mawu a amayi ndimawamva kwa amayi. Cholakwa n'changa, amayi. Ndinachita zinthu ngati mlendo pakhomo panga pomwe. Komanso pepala lija likufunika Lolemba."

"Waya abwera liti?"

"Mvula ikatha. Mwina Epulo, mwina Meyi."

Nachisale anayang'ana kubwalo, kumene Tinyade ankadumpha chingwe. Epulo anali kutali. Munthu amene akuganiza kuti wathamangitsidwa sadikira miyezi inayi. Amapeza mkazi wina, mwana wina, apongozi ena, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu, pakuti mwambo womwewo unamumasula. Mwanayu akanatsala ndi agogo okalamba, malume a m'tauni, ndi manda. Koma kuti Nachisale akhale maso ndi maso ndi mwamuna wa malemu mwana wake, zimenezo thupi lake linkakana lokha, ngati mmene limakanira kumwa madzi a sopo.

M'mawa wa Lamlungu anapita kutchalitchi, koma ulaliki sanaumve. Atabwerako anamasula kiyi pa lamba wa m'chiuno, natsegula bokosi la zovala.

"Chipatse moto," anamuuza Yotamu.

Chitadzuka, anachitembenuza ndi kamtengo, akuchiyang'ana uku ndi uku ngati nsomba yokayikitsa pamsika.

"Diso lili kumaso kuno. Nanga ichi cha kumsanachi n'chiyani?"

Yotamu anakanda m'mutu. "Limenelonso ndi diso, amayi. Koma limagona. Silidzuka pokhapokha..."

"Ndinanena ine. Maso awiri ngati mfiti."

Anapita kuseri kwa nyumba, nakumba dongo, nalikanda ndi madzi pang'ono. Anamata diso la kumsanalo bwinobwino, nasalaza ndi chala ngati akutseka ming'alu ya mphika.

Kenaka Nachisale anatulutsa mpando pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Anaimika thabwalo pampandopo, nalitsamiritsa ku chitini cha mchere. Kutsogolo kwake anayala mkeka, namukhazika Tinyade, atamusambitsa ndi kumudzoza mafuta mpaka ntchentche zinkaterereka. Iye mwini anamanga mpango zolimba, nakhala pansi kumsana kwa mpandowo, miyendo atatambasula.

Dzuwa linapendeka. Thabwa linalira. Yotamu analikhudza, nachoka kupita kukhola la mbuzi.

Nachisale sankaona kanthu koma dongo lake ndi nkhope ya mdzukulu wake. Nkhopeyo inawala ngati wina watsegula zenera.

"Ababa! Muli ndi ndevu!"

"Tinyade, mwana wanga." Mawu a Lufeyo anali olemera ngati a munthu wosenza thumba. "Wakula chonchi? Tamvera, mayi. Uzimvera agogo. Uzilimbikira sukulu. Ine mwina nditenga nthawi ndisana..."

"Mwaswera bwanji, bambo a Tinyade?"

Ngakhale mbuzi zinasiya kutafuna.

"Amayi?" anatero Lufeyo. "Muli kuti? Nditseke maso?"

"Musatseke. Ndili kumene apongozi amakhala, kuseri. Inu yang'anani mwana wanu, ine ndiziyankhula. Tinyade, yasamula. Mwaliona gwerulo? Dzino linachoka Lachinayi, masabata awiri apitawo, analiponya padenga yekha. Tembenuka, aone tsitsi. Ndinamumeta ine, musanene kanthu. Chilonda cha pabondocho anagwa mumtengo uno, atakanizidwa kawiri. Aonetse."

"Amayi, ine ndimayesa kuti..."

"Mumayesa chiyani? Munthu ndathawa nkhope, inu mukuti ndathawa munthu? Ndikanafuna kukuthamangitsani ndikanatuma mawu, pakamwa ndili napo. Masabata anayi nkhani zandiwola m'mimba. Khalani pansi, tiyambire Lolemba loyamba lija."

Anayambadi. Anapereka malonje a masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, osadumpha ngakhale limodzi, ndipo chilichonse chimene ankanena, mwana ankachionetsa. Kope la masamu. Nsapato yong'ambika. Kavinidwe katsopano ka kusukulu. Lufeyo ankaseka, ndipo Nachisale ankaona kusekako pankhope ya Tinyade, pakuti mwana akayang'ana kholo lake amasanduka galasi.

"Tsopano imirira, uyende mpaka pamtondo ubwerere," anatero Nachisale. "Inu yang'anani phewa lamanzerelo."

Mwana anayenda, nabwerera, nakhalanso pamkeka. Nachisale anaona kumwetulira kwa mwanayo kukuzima pang'onopang'ono, kamlomo kakuyamba kunjenjemera.

"Ababa, bwanji mukulira?"

"Ndi utsi wa zitsulo, mayi. Umalowa m'maso."

"Lero Lamlungu," anatero Tinyade. "Simuwotcherera."

Nachisale anapukuta maso ake ndi nsonga ya mpango. Panalibe womuona.

"Bambo a Tinyade."

"Wawa, amayi."

"Lamlungu likudzali, nthawi yomweyi. Mukachedwa ndi mphindi imodzi, ndidzakutumizirani mlandu wa mbuzi."

"Ndidzayamba kuyimba Loweruka, amayi."

Lolemba m'mawa Nachisale anavala chitenje chake cha kutchalitchi, napita ku boma, nasaina pepala. Waya sanabwerenso pakhomo paja.

Nkhani yathera pamenepo. Ine sukulu ndinangoidutsa kunja kwa mpanda, koma aphunzitsi asanu ndi awiri anabwerapo kudzandifunsa tanthauzo lake, mmodzi wa iwo pa ndege. Inu ndikuuzani ulere.

Iwe wachinyamata amene wanyamula kabokosi kupita nako kwa amayi ako, usanadule waya, khala pansi ufunse kuti wayayo ankagwira ntchito zingati. Ina umaiona. Ina ndi yoti mwini wake sangakuuze, chifukwa ndi ya manyazi. Funsa mofatsa, ndipo usadzidzimutse munthu wamkulu ndi mphatso.

Nanunso anzanga a imvi, amene mwatsekera chatsopano m'bokosi kudikira kuti chakale chibwerere, kumbukirani kuti kutsidya kuli munthu amene akumva chete wanuyo, ndipo akumumasulira yekha. Pezani poti mukhale, kaya kumaso kaya kuseri. Koma yankhani, iye asanaleke kuyimba.